Nyimbo zikudumpha pa kachipangizo ka MP3 ka bambo anga, kodi vuto lili pati?

NaBanda:
Akuluakulu nonse, ndikupempha thandizo lanu pa vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano. Bambo anga maso awo anafooka chifukwa cha ukalamba, ndipo ndinawagulira kachipangizo komvera nyimbo za MP3, kaja kokhala ndi mabatani asanu ndi kagalasi kochepa ngati chikhadabo, kuti azimvera nyimbo zamapemphero ndi Baibulo lowerengedwa pa mawu akakhala pakhonde masana. Kwa miyezi inayi kanagwira ntchito popanda chodandaula. Mwezi wathawu mdzukulu wawo anatenga memore khadi kupita nalo kwa obena nyimbo kuti awonjezere zina, ndipo chibwerereni khadilo nyimbo zikungodumpha. Zina zimayamba bwinobwino, koma zikafika pakati zimalira ngati wailesi yotaya siteshoni, kenako n'kulumphira pa nyimbo yotsatira. Zina sizilira n'komwe, dzina limangooneka pa kagalasi kwa kamphindi ndipo kachipangizo kamapitirira kokha, nthawi zina nyimbo khumi motsatizana. Bambo saona kagalasiko, choncho amaganiza kuti iwo ndi amene akudina batani molakwika. Dzulo ndinapeza atakakulunga m'kampango n'kukabisa pansi pa pilo, akuti akuopa kukawononga. Chimene chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti pa khadi lomwelo pali nyimbo 14 za kwaya ya kumpingo kwathu zimene tinajambula mayi anga akadali moyo, ndipo mawu awo amamveka bwino pakati pa a alto. Kodi ndigule kachipangizo kena, kapena vutoli n'lokonzeka?

aPhiri a ku Limbe:
Mayi, pepani ndi vutoli, koma musafulumire kugula china. Musanachite chilichonse, usiku womwe uno ikani khadilo pa kompyuta ndipo mukopere nyimbo 14 za kwayazo, kenako muzimvetsere zonse pa kompyutapo kuti mutsimikize kuti zatuluka zamoyo. Zina zonse zingadikire mawa, koma izi zisadikire.

Pa ntchito yanga yokonza mafoni ndi mawailesi, anthu amabwera ndi mawu amodzi akuti "ikudumpha", pamene pansi pa mawu amenewo pali matenda osiyana anayi kapena asanu. Ambiri a ife tinazolowera kudumpha kwa ma CD, chiyambire pamene Sony inatulutsa Discman mu 1984, pomwe kugwedeza pang'ono kunkasocheretsa kuwala kowerenga chimbale. Kachipangizo kanu kalibe kanthu kozungulira m'kati, choncho kugwedezeka sikungadumphitse nyimbo pokhapokha ngati khadi silinakhazikike bwino m'malo mwake. Chitani chonchi: sankhani nyimbo imodzi imene imadukiza pakati, ikani kachipangizo pa tebulo osakakhudza, ndipo muiimbitse katatu mukulemba mphindi ndi masekondi pamene yadukira. Ikamadukira pamalo amodzimodzi nthawi zonse, matenda ali mu fayilo kapena m'khadi. Ikamadukira pamalo osiyanasiyana, tiyang'ane batire, bowo la mahedifoni ndi timano ta khadi. Yang'ananinso pa malo osankha kabwerezedwe ka nyimbo, chifukwa tizipangizo tambiri totere tili ndi njira yolembedwa Intro, imene imaimba masekondi pafupifupi 10 a nyimbo iliyonse n'kupita pa ina, ndipo munthu wosaona angaidine osadziwa.

aMbewe:
Ine ndikukayikira mahedifoni, chifukwa zofanana ndi zimenezi zinandichitikira pa foni yanga ndikamayenda m'mawa. Taonani kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe. Kakakhala ndi mizere iwiri yakuda ndiye kuti n'kongomvera, koma kakakhala ndi mizere itatu ndiye kuti kali ndi njira ya maikolofoni ndi batani. Kachitsulo kotere kakapanda kulowa mpaka kumapeto, foni imaganiza kuti mwadina batani, ndipo imaimitsa nyimbo kapena kulumphira pa ina. Kwa ine vuto linali thonje la m'thumba la buluku limene linadzazana pansi pa bowo, ndipo nditalitokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano zonse zinatha. Musagwiritse ntchito singano kapena waya, mungapinde timano ta m'kati.

aPhiri a ku Limbe:
Zimene mukunenazo n'zoona pa mafoni, achimwene, ndipo kutsuka bowolo sikulakwika. Komabe tizipangizo tating'ono tambiri sitimva n'komwe batani la pa chingwe, ndipo bowo lodetsedwa silingasankhe kuti lidumphitse nyimbo zatsopano zokha n'kusiya zakale. Mayiwa anena kuti vuto linayamba tsiku limene khadi linabwera kuchokera kobena, ndipo pamenepo ndi pamene tiyenera kulondola.

aNkhoma:
Ndiye kuti ndi vairasi basi. Makompyuta a obena nyimbo amalandira makhadi ndi mafulashi a anthu ochuluka tsiku lililonse, ndipo pali vairasi yodziwika imene imabisa mafoda n'kusiya zithunzi zabodza m'malo mwake. Ine khadi langa likabwera ndi vuto lotere ndimangolifomata, kutanthauza kufufuta zonse zili m'khadimo, n'kuyambiranso. Mayi, fomatani khadilo ndipo muikemo nyimbo kuchokera pa kompyuta yaukhondo.

Aphunzitsi aJere:
Chonde mayi, musafomate kaye. Bambo Nkhoma, ndikulemekeza zimene mwakumana nazo, ndipo vairasi imene mukuinenayo ndimalimbana nayo pafupifupi teremu iliyonse pa makompyuta a ana asukulu. Koma vairasi imeneyo inalembedwera Windows, ndipo singathe kugwira ntchito m'kachipangizo kongoimba nyimbo. Chimene imachita n'kubisa mafoda, ndipo zikatero munthu amadandaula kuti nyimbo zasowa, osati kuti zikuduka pakati. Apa mayina a nyimbo akuoneka pa kagalasi, kutanthauza kuti kaundula wa khadi akuwerengeka, koma zimene zili kuseri kwa mayinawo ndi zimene zavuta. Kufomata pakadali pano kungafafanize umboni umene tikufuna, ndiponso kungataye zinthu zimene mwina sizinakoperedwe kwina kulikonse. Kupima khadilo ndi antivairasi n'kwanzeru ndithu, pofuna kuteteza kompyuta imene mukuikapo.

NaBanda:
Zikomo nonse, ndachita zimene munandiuza. Poyamba ndinene kuti nyimbo zonse 14 za kwaya ndazikopera ndipo zikulira bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mtima wanga wakhala m'malo. Kachipangizo sikanali pa Intro, ndipo mahedifoni ali ndi mizere iwiri yokha. Nyimbo imene ndinayesa inadukira pa mphindi 1 ndi masekondi 47 maulendo onse atatu. Pa kompyuta ya kuntchito ndaona zinthu zitatu. Zonse zimene ndinaika ine poyamba, pafupifupi 5GB, zikulira bwino. Mu foda yatsopano muli kagulu kochepa ka nyimbo zimene zikulira pa kompyuta ndi pulogalamu yoimbira nyimbo ya VLC koma kachipangizo kakuzidumpha. Koma zochuluka za mu fodamo sizikulira ngakhale pa kompyuta, ngakhale kuti mayina ake ndi kukula kwake zikuoneka ngati zabwinobwino. Khadi linalembedwa 64GB, ndipo kompyuta ikuti 11GB ndi imene yadzaza. Ndinaligula padera pa kashopu kena mumsika, ndipo ndikukumbuka kuti ndinakondwa chifukwa mtengo wake unali wotsika kuposa wa khadi la 16GB pa shopu ina.

NaTembo a ku Johannesburg:
Achemwali, ine ndiyankhe za kagulu kaja kamene kakulira pa kompyuta koma kachipangizo kakukakana, chifukwa ndimakumana nazo sabata ndi sabata potumizirana mawu a kwaya yathu kuno. Si fayilo iliyonse yothera ndi .mp3 imene ilidi MP3. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amasungidwa mu mtundu wotchedwa Opus, ndipo nyimbo zambiri zotengedwa pa intaneti kapena zojambulidwa pa foni zimakhala za mtundu wa AAC, zothera ndi .m4a. Anthu ena akaona kuti wailesi ikukana fayilo yotere amangosintha dzina kuti lithere ndi .mp3, kuganiza kuti ayisandutsa, pamene angosintha chikuto koma buku ndi lomwe lija. VLC siisamala dzina, imayang'ana m'kati mwa fayilo ndipo imadziwa mitundu yambirimbiri, n'chifukwa chake imaimba. Kachipangizo ka bambo kamangodziwa mitundu yochepa, ndipo kakatsegula fayilo n'kupeza chinenero chachilendo kamangopita pa yotsatira.

Kuti mutsimikize, tsegulani nyimboyo mu VLC, dinani Ctrl ndi J pamodzi, ndipo muwerenge pamene palembedwa Codec. Pakakhala pa MPEG Audio layer 3 ndiye kuti ndi MP3 yeniyeni, koma pakalembedwa AAC kapena Opus ndiye kuti mwapeza chifukwa. VLC yomweyo ili ndi njira yosandutsira, pansi pa Media kenako Convert, ndipo musankhe MP3 ya 128 kbps ndi 44,100 Hz (nambala zoyezera ubwino wa mawu), imene kachipangizo kalikonse kamaidziwa. Pali tinthu tina tiwiri tochepa. Nyimbo zina zimabwera ndi chithunzi chachikulu cha woimba chobisika m'kati mwa fayilo, ndipo tizipangizo tofooka timatsamwa nacho. Pulogalamu yaulere ya Mp3tag imachichotsa mosavuta. Ndiponso khadi likadutsa pa kompyuta ya Mac limatuluka ndi timafayilo ta 4KB tokhala ndi mayina a nyimbo koma toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, ndipo timeneto si nyimbo ayi, mungathe kutifufuta.

Aphunzitsi aJere:
Mayi Tembo afotokoza bwino mbali imeneyo, ndipo ine ndikhale pa gulu lalikululo, la nyimbo zosalira paliponse. Mayi Banda, zonse zimene mwalembazi zikuloza pa chinthu chimodzi: ndikukhulupirira kuti khadi lanu si la 64GB, ndipo mwina ndi la 8GB lovekedwa dzina lalikulu.

Ndifotokoze mmene chinyengochi chimayendera. M'khadi lililonse muli kachigawo kamene kamauza kompyuta kukula kwa khadilo, ndipo opanga makhadi achinyengo amakasintha kuti kaziyankha nambala yabodza. Kompyuta siipita kukayeza, imangokhulupirira. Tayerekezani kalaliki wa pa malo osungira chimanga amene buku lake lili ndi mizere 64, pamene nyumba yosungiramo imangolowa matumba 8. Alimi akubweretsa matumba, iye akulemba lililonse m'buku mwaudongo, dzina la mwini ndi kulemera kwake, koma kuyambira thumba lachisanu ndi chinayi onyamula akungowataya kuseri kwa nyumba. Tsiku lodzatenga, buku likusonyeza kuti zonse zilipo, koma m'nyumba mulibe. Ndi mmene mayina ndi kukula kwa nyimbo zanu zikuonekera bwinobwino pamene m'kati mwake muli mphepo. Pa makhadi ena zimaipa kuposa apa, chifukwa zatsopano zimabwerera poyambira n'kulemba pamwamba pa zakale, ndipo n'chifukwa chake a Phiri anachita bwino kukufulumizitsani pa nyimbo za kwaya.

Nambala zanu zikugwirizana ndi zimenezi. Munali ndi 5GB ndipo zonse zinkalira, chifukwa munali musanafike pa malire enieni. Obena anawonjezera pafupifupi 6GB. Nyimbo ya 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi iliyonse, choncho ya mphindi 4 imatenga 4MB, ndipo 2GB yoyambirira ya zatsopanozo, nyimbo ngati 500, iyenera kuti inalowa bwino, pamene zotsalazo zinagwera kuseri kwa nyumba kuja. Zoduka pakati nazo zili ndi chifukwa chake. Ngati mdzukuluyo anafufutako nyimbo zina zakale asanawonjezere zatsopano, panatsala timipata m'chigawo chabwino, ndipo nyimbo yatsopano ingayambire m'kampata kotere n'kukathera m'chigawo chabodza. Imalira mpaka pamene kampatako kathera, pa 1:47 nthawi zonse, kenako phokoso.

Pali chizindikiro china chimene chinayenera kutichenjeza. Makhadi a mtundu wa SDHC amalekezera pa 32GB ndipo amabwera ndi dongosolo losungira mafayilo lotchedwa FAT32, pamene opitirira pamenepo ndi a mtundu wa SDXC, umene unalengezedwa mu 2009, ndipo amabwera ndi exFAT. Tizipangizo tating'ono tambiri timangowerenga FAT32. Khadi la 64GB limene linangogwira ntchito tsiku loyamba m'kachipangizo kotere silitsimikizira chinyengo palokha, koma limandichititsa kukweza nsidze.

Musangokhulupirira mawu anga, liyeseni. Pali pulogalamu yaulere ya Windows yotchedwa H2testw, imene analemba Harald Bögeholz wa magazini ya makompyuta ya c't ku Germany. Imadzaza khadi lonse ndi mafayilo ake, kenako imawerenganso kuti ione ngati zimene inalemba zabwerera. Pa Linux pali inzake yotchedwa F3. Kopani kaye chilichonse chimene chikulira, chifukwa pa khadi lachinyengo kuyesaku kungawononge zimene zatsala, ndipo mukatero m'pamene mungafufute zonse n'kuyamba kuyesa. Konzekerani kudikira maola angapo, ndipo laputopu ikhale ndi moto wokwanira kuopa kuti magetsi angazime ntchito ili pakati.

aNkhoma:
Aphunzitsi, ndamva ndipo ndikuvomera kuti ndinafulumira pa nkhani yofomata. Tsopano ndikukumbuka kuti khadi langa lina linkachira ndikalifomata, kenako n'kudwalanso likayamba kudzaza, ndipo ine ndinkangoti vairasi yabwerera. Koma ndifunse chinthu chimodzi. Kodi sizingatheke kuti khadi la mayiwa linali lenileni, ndipo linasinthidwa kobena kuja?

NaBanda:
Ayi bambo, pamenepo ndiwaikire kumbuyo anyamata obenawo. Tsiku limene ndinagula khadilo ndinadontheza kyutekisi wofiira pakona pake kuti lisasokonezeke ndi la m'foni mwanga, ndipo kadontho kameneko kakadalipo. Khadi ndi lomwe lija ndinagula ndekha. Ndafunsanso mdzukuluyo, ndipo wavomera kuti anafufuta nyimbo zingapo zimene ankaziona ngati zabwerezedwa.

aPhiri a ku Limbe:
Pamene mukudikira zotsatira, ndinene za khadi limene mudzagule, chifukwa ndikuona kuti mudzagula ndithu. Kwa bambo 16GB ndi yokwanira ndi kutsala, ndipo musapitirire 32GB. Mukangofika nalo kunyumba liyeseni ndi H2testw lisanalowe nyimbo ngakhale imodzi, kuti likalephera mulibweze tsiku lomwelo risiti ili m'manja. Ngati lifunika kufomata, gwiritsani ntchito SD Card Formatter, imene imaperekedwa kwaulere ndi SD Association, bungwe lomwe limayang'anira makhadi amenewa. Pochotsa khadi pa kompyuta muzidina kaye Eject, chifukwa kulizula ntchito yolemba isanathe kumasiya nyimbo yomaliza ili theka, ndipo nayonso imadumpha. Timano tagolide ta khadi muzitipukuta ndi kansalu kouma, ndipo batire likatsala pang'ono kutha muzichaja, popeza batire lofooka limachititsa kachipangizo kuzima kapena kuyambiranso kokha, makamaka voliyumu ikakhala pamwamba.

Koma chimene ndikufuna kutsindika ndi cha bambo amene saona. Tizipangizo tambiri totsika mtengo sititsata alifabeti poimba, timatsata ndondomeko imene mafayilo analowera m'khadi. Choncho musakokere zonse nthawi imodzi. Yambani ndi foda ya kwaya yokha, mudikire ithe, kenako nyimbo zamapemphero, kenako Baibulo buku ndi buku, ndipo mafayilo muwapatse nambala monga 01, 02, 03 kutsogolo kwa dzina. Mukatero bambo adzadziwa pamtima chimene chikubwera pambuyo pa chinzake. Ndingakulangizeninso kuti nyimbo zisachuluke, chifukwa munthu woyenda ndi batani limodzi lopita kutsogolo sangawoloke nyimbo 2,000 kuti apeze imene akuifuna. Pa batani loyambitsira mumatepo kadontho ka guluu wouma kuti chala chizilizindikira.

NaBanda:
Akuluakulu, ndabwera ndi zotsatira. H2testw inatenga kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, ndipo yasonyeza kuti 7.4GB yokha ndi imene ili bwino, zina zonse zatayika. Aphunzitsi, munanena zoona. Ndagula khadi la 16GB pa shopu ina, ndaliyesa ndipo ladutsa lonse popanda cholakwika. Pa nyimbo zimene zinkalira pa kompyuta pokha, 63 zinali za AAC monga ananenera a Tembo, ndipo ndazisandutsa. Ndaika zinthu m'ndondomeko imene a Phiri anafotokoza, nyimbo zosaposa 200 pamodzi ndi Baibulo. Nditawapatsira bambo anakana kaye kukalandira, mpaka nditagwira chala chawo n'kuchiika pa kadontho ka guluu. Nyimbo yoyamba ya kwaya itayamba anachotsa hedifoni imodzi n'kundipatsa, ndipo tinamvera zonse 14 tili pamkeka, iwo akuimba besi chapansipansi. Ndinawauza kuti vuto silinali zala zawo, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona.

Kwatsala kanthu kamodzi. Salimo 119 likulira bwino pa kompyuta mpaka kumapeto, ndipo VLC ikuti ndi MP3 yeniyeni, koma pa kachipangizo nthawi imene ikuoneka ndi yaifupi kuposa yeniyeni, ndipo limalekezera panjira n'kupita pa Salimo 120. Bambo amalidziwa salimo limeneli ndipo azindikira msanga kuti silinathe.

NaTembo a ku Johannesburg:
Achemwali, nkhani ya pamkekayo yandigwetsa misozi kuno. Za salimolo, ndikuganiza kuti fayilo imeneyo ndi ya mtundu wa VBR, umene umasintha kuchuluka kwa kbps malinga ndi mawu, kutsika pamene wowerenga wapuma ndi kukwera pamene akulankhula. Fayilo yotere imayenera kukhala ndi kachizindikiro koyambirira konena kutalika kwake, ndipo kakasowa, kachipangizo kamangoyerekeza kuchokera pa masekondi oyamba n'kulakwitsa. Pa mitu yaifupi kulakwitsako sikuoneka kwenikweni, koma Salimo 119 ndi mutu wautali koposa m'Baibulo lonse, wa mavesi 176. Lisandutseninso ndi VLC kukhala MP3 ya 128 kbps yosasinthasintha, ndipo muliike m'malo mwa lakalelo. Likapita kumapeto kwa foda chifukwa lalowa mochedwa, chotsani foda yonse ya Masalimo m'khadi ndi kuikoperanso.

NaBanda:
Ndachita zimenezo madzulo ano ndipo ndakoperanso foda yonse ya Masalimo. Tinakhala pakhonde ndi bambo mpaka vesi 176, ndipo Salimo 120 linayamba pa nthawi yake. Mawa ndiyang'ana mitu ina yaitali, kuyambira ndi 1 Mafumu 8 ndi Numeri 7, kuti ndione ngati nayonso ikufika kumapeto.